Ndinalipira ndi khadi pa kampeni yosonkhetsa ndalama, katundu sanafike: kodi banki ingandibwezere?

Wa_ku_Chilomoni

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru inu amene mumadziwa za makhadi a banki. Pa tsamba lina lakunja losonkhetsa ndalama zopangira zinthu zatsopano panali kampeni ya batire lalikulu lotchajidwa ndi sola, loti liziyatsa mababu, TV ndi firiji yaing'ono magetsi akathima. Ndinalonjeza $420 ndipo ndalamazo zinachotsedwa pa khadi langa la Visa pa 18 Malichi 2024. Patsambapo analemba kuti katundu adzatumizidwa mu Disembala 2024. Mu Januwale 2025 anatumiza imelo yoti aliyense alipire $65 yotumizira katundu kudzera pa tsamba lina, ndinalipiranso ndi khadi lomwelo. M'imelo yomweyo anati katundu adzakhala atafika pa 30 Epulo 2025.

Tsopano tili mu Juni 2025. Sakuyankha aliyense, webusaiti yawo inatsekedwa, ndipo ena mwa olipira apeza kuti zithunzi za batirelo zinali za katundu wa kampani ina. Eni tsamba losonkhetsalo andiyankha kuti iwo si sitolo, nkhaniyi ili pakati pa ine ndi mwini kampeni.

Kodi banki yanga kuno ku Blantyre ingathe kuchitapo kanthu, kapena nthawi inatha kale? Ndikafika ndikanene chiyani? Wina wandiuza kuti ndikangonena kuti khadi linabedwa, akuti zimayenda msanga.

Mayi_Namiwawa

Achimwene a ku Chilomoni, amene wakuuzani zokanena kuti khadi linabedwa musamumvere ngakhale pang'ono. Mukatero mwaupha nokha mlandu wanu. Manambala a khadi munalemba ndinu, ndipo mwina banki inakutumizirani nambala yachinsinsi pa foni yomwe munailowetsa kuti malipiro adutse. Zonsezi zimasungidwa. Mbali inayo, ya wolandira ndalama, ikangoonetsa kuti malipirowo anatsimikiziridwa ndi Visa Secure, njira ya Visa yotsimikizira kuti wolipira ndi mwini khadi, kapena kuti munalowa mu akaunti yanu ndi imelo yanu n'kumalemba ndemanga pansi pa kampeniyo, dandaulo lakuti simunavomereze limagwa pomwepo. Kawirikawiri malipiro amodzi amatsutsidwa kamodzi kokha, ndiye mwayiwo mukautaya pa chifukwa cholakwika simudzaupezanso. Kuonjezera apo mwasaina fomu yonama, ndipo banki yakutsekerani khadi.

Chimene mukufuna chimatchedwa chargeback. Si lamulo la dziko lino ayi, ndi malamulo a Visa amene banki iliyonse yopereka makhadi a Visa inavomera kuwatsata, kaya ili ku New York kaya ili pa Victoria Avenue. Banki yanu imatumiza dandaulo kudzera ku Visa kupita ku banki ya wolandira ndalama, ndipo banki imeneyo imayenera kubweza ndalamazo kapena kuonetsa umboni wakuti katundu anaperekedwa. Zimagwira ntchito pa khadi la ngongole komanso pa khadi lochotsa ndalama mu akaunti yanu, limene ambiri kuno tili nalo. Wina pa kauntala akakuuzani kuti ndi za makhadi a ngongole okha, pemphani kuonana ndi a ku dipatimenti ya makhadi.

Madandaulo ali ndi manambala. Lanu ndi 13.1, limene pa fomu limalembedwa kuti Merchandise/Services Not Received, la katundu amene munalipira koma sanafike. Ku Mastercard nkhani ngati yomweyi imalowa pa 4853.

Tsopano nthawi, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amagwa. Anthu amamva za masiku 120 n'kumawerenga kuchokera tsiku lolipira, kenako amataya mtima. Pa katundu wolipiriratu, Visa imalola kuwerenga masiku 120 kuchokera tsiku lomaliza limene mumayembekezera kulandira katunduyo. Koma pali denga: sangadutse masiku 540 kuchokera tsiku limene malipiro anadutsa. Tiyeni tiwerenge anu.

Tikatenga lonjezo loyamba, kutha kwa Disembala 2024, masiku 120 anatha pa 30 Epulo 2025. Pamenepo mwachedwa kale. Tikatenga lonjezo lachiwiri la pa 30 Epulo 2025, masiku 120 akutha pa 28 Ogasiti 2025. Denga la masiku 540 kuchokera pa 18 Malichi 2024 likugwa pa 9 Sepitembala 2025, choncho silikukutchingani. Mukuona apa kuti mlandu wanu wonse wa $420 wakhazikika pa imelo ya mu Januwale ija. Imeneyo ndiye pepala lanu lalikulu. Isindikizeni yonse, dzina la wotumiza ndi tsiku zioneke, ndipo muisungenso ngati PDF lero lomwe. Pa fomu, pamene akufunsa tsiku limene mumayembekezera katundu, lembani 30 Epulo 2025, osati Disembala. Wogwira ntchito wa ku banki akalowetsa Disembala mu kompyuta, dandaulo likanidwa lisanatuluke n'komwe m'dziko muno.

Musayembekezere Ogasiti. Masiku amenewa ndi oti banki ikhale italowetsa dandaulo ku Visa, osati oti inu mufike ku nthambi. Fomu imachoka ku nthambi kupita ku likulu, kumeneko ikhoza kugona pa tebulo masabata angapo, kapena kubwezedwa chifukwa pepala lina lasowa. Mabanki ena alinso ndi malire awoawo aafupi m'mgwirizano wa khadi. Pitani sabata ino.

Musanapite, lemberani mwini kampeni kudzera pa tsamba losonkhetsalo komanso pa imelo. Mawu ochepa: katundu sanafike pa tsiku lolonjezedwa, ndikufuna ndalama zanga, ndiyankheni pasanathe masiku 7. Ngakhale mukudziwa kuti sayankha, lembani ndithu, chifukwa Visa imafuna umboni wakuti munayesa kuthana naye kaye. Imelo ikabwerera kuti adiresiyo kulibenso, ndi umboni wabwino kuposa kusayankha, isindikizeninso.

Zoti munyamule: sitetimenti yoonetsa malipiro onse awiri mutalemba mzere pansi pake, risiti ya imelo yotsimikizira lonjezo lanu yomwe ikutchula katundu ndi mwezi wotumizira, chithunzi cha tsamba la kampeni choonetsa kuti $420 inali ya batire limodzi, imelo ya mu Januwale, makalata anu opempha ndalama, yankho la eni tsamba, ndi chithunzi cha webusaiti yotsekedwayo tsiku likuoneka. Musaiwale chiphaso cha unzika.

Mafomu akhale awiri. $420 ndi $65 ndi malipiro osiyana, mwina anapita kwa olandira osiyana, ndipo pa sitetimenti mayina awo akhoza kusiyana. Mukaziphatikiza pa fomu imodzi n'kulemba $485, palibe malipiro a $485 amene kompyuta iwapeze.

Kufotokoza kwanu kukhale kwa m'Chingerezi popeza kukawerengedwa kunja, ndipo kusapitirire theka la tsamba: munalipira liti, zingati, za chiyani, analonjeza liti, anasintha liti, munawalembera liti, sanayankhe. Mkwiyo usalowemo. Pomaliza pemphani kuti akudindireni kope yanu ndipo akupatseni nambala ya dandaulo.

Bambo_Mpingwe

Mayi a ku Namiwawa afotokoza bwino za masiku, sindionjezerapo. Koma achimwene asapite ku banki akuganiza kuti ndalamazi zabwera kale. Pali pamene mlandu wotere umaterera, ndipo ndi bwino adziwiretu zimene mbali inayo ikanene.

Masamba osonkhetsa ndalama analemba malamulo awo mochenjera. Kickstarter, limodzi mwa masamba amenewa, inanena poyera kuyambira 2012 kuti si sitolo. Iwo amati wolipira sakugula, akuthandiza ntchito imene ikhoza kutheka kapena kulephereka, ndipo mwezi wotumizira katundu ndi wongoyerekeza. Amatenga 5 peresenti yawo, kampani yodutsitsa malipiro imatenganso yake, zotsalazo zimapita kwa mwini kampeni patatha masabata awiri kampeni itatha. Ndiye dandaulo likafika, yankho lake limakhala lakuti munthuyu anavomera malamulo akuti palibe chitsimikizo cha katundu, ndipo amalumikizapo tsamba limene munadina kuti mwavomera. Banki yanu ikakhala yaulesi, imangolandira yankho limenelo n'kutseka nkhani.

Poyankha pake pali pawiri. Poyamba, munalonjezedwa chinthu chenicheni pa mtengo wodziwika: $420, batire limodzi. Si ndalama yachifundo. Chachiwiri, malamulo a Kickstarter omwewo amati mwini kampeni akalephera ayenera kufotokozera olipira chimene chachitika, kuonetsa mmene anagwiritsira ntchito ndalama, ndi kubweza zotsala kapena kufotokoza mmene azigwiritsire ntchito pomaliza ntchitoyo mwa njira ina. Munthu amene wangosowa sanachite chilichonse mwa izi. Werengani malamulo a tsamba limene inu munagwiritsa ntchito, mupeze ndime yofanana nayo, muisindikize n'kuiphatikiza pa fomu kuyambira pachiyambi. Musadikire kuti akufunseni.

Kwa ine $65 ija ndiye yolimba kuposa $420. Ndalama yotumizira katundu palibe angaitchule kuti thandizo. Munalipira ntchito yodziwika ndipo sinachitike.

Pali chinthu chimodzi chokomera achimwenewa. Kusowa kwa mwini kampeni sikupha chargeback. Ndalama zimachotsedwa ku banki ya wolandira malipiro, ndipo ndi banki imeneyo imene imakasaka kasitomala wake. Akaunti yake ikapezeka yopanda kanthu, mutu ukupweteka ndi wawo. Ndiponso wakuba amene wathawa nthawi zambiri sabwera kudzapereka umboni. Ku Visa mbali inayo ili ndi masiku 30 oti iyankhe, ku Mastercard 45. Akangodutsa osayankha, mwapambana.

Za zithunzi zobedwa zija, ikanimo koma zikhale kumapeto. Amene amaweruza madandaulowa safufuza za mtima wa munthu, amangoona ngati katundu anafika kapena ayi. Kampeni yolephera moona mtima ndi kampeni yachinyengo zimalowa pa khomo limodzi la 13.1.

Musadalire kuti boma lakunja likubwezerani. Mu 2015 bungwe la boma la ku America loteteza ogula, la FTC, linazenga mlandu wake woyamba wa mtundu umenewu, wa Erik Chevalier amene anasonkhetsa ndalama zoposa $122,000 za masewera apatebulo n'kuzigwiritsa ntchito zambiri pa zake. Chigamulo chinali cha pafupifupi $112,000, koma chinaimitsidwa chifukwa munthuyo analibe cholipira. Chaka chomwecho kampani ya ku Wales imene inasonkhetsa £2.3 miliyoni za kandege kakang'ono kotchedwa Zano inagwa, ambiri mwa olipira oposa 12,000 osalandira kanthu. Coolest Cooler inasonkhetsa $13 miliyoni mu 2014 n'kutseka mu 2019, anthu pafupifupi 20,000 akudikirabe. Taonani zaka zimenezo: kuchokera 2014 kufika 2019, denga la masiku 540 linali litadutsa kalekale. Kampeni zotere zimasunga anthu ndi timauthenga tolimbikitsa mtima mwezi ndi mwezi mpaka nthawi yodandaula itatha. Ndiye aliyense amene ali ndi lonjezo lochedwa alembe pa kalendala tsiku la 540, ndipo likamayandikira asamvere za "tatsala pang'ono".

Kwa ena amene akuwerenga, si njira iliyonse yolipirira imene ili ndi chitetezochi. Ngati munapereka chithandizo chopanda katundu, monga za wodwala kapena maliro, 13.1 sikukhudzani chifukwa palibe chimene munalonjezedwa. GoFundMe, tsamba losonkhetsa chithandizo chotere, ili ndi ndondomeko yakeyake yobwezera opereka kampeni ikapezeka yachinyengo, ndipo amapereka chaka chimodzi chodandaulira, choncho yambirani kumeneko. Kampani yolipirira pa intaneti ya PayPal inachotsa malipiro a kampeni zosonkhetsa ndalama pa chitetezo chake cha ogula mu 2016. Ndalama zotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba kupita ku nambala ya munthu, zotumizidwa kuchoka mu akaunti kupita mu akaunti, kapena za crypto, zilibe chargeback. Zosonkhetsa za m'magulu a WhatsApp zimene zachuluka masiku ano zimathera ku polisi basi.

Mukamawerenga malangizo pa intaneti muona za masiku 60 ndi za Section 75. Masiku 60 ndi a lamulo la ku America, Section 75 ndi ya lamulo la ku Britain la 1974 lokhudza makhadi a ngongole. Zonsezi sizigwira pa khadi loperekedwa ndi banki ya ku Malawi. Mukakazitchula pa kauntala mungosokoneza nkhani yanu.

Wa_ku_Chilomoni

Zikomo kwambiri amayi ndi abambo. Kalata kwa mwini kampeni ndalemba. Koma pabuka china: ena mwa olipira ayamba kulandira maimelo okhala ndi nambala yotsatira katundu, akuti zinthu zanyamuka. Ineyo sindinalandire. Ikabwera ndidikire kaye kapena ndipitirize? Khadi langa ndi la ngongole, ngati zimenezo zikusintha kanthu.

Che_Kaliya_Chileka

Pitirizani, achimwene. Nambala yotsatira katundu si katundu. Imapangidwa pa kompyuta munthu akangolipira chizindikiro chomata pa phukusi, ngakhale phukusilo kulibe. Mukailowetsa pa webusaiti ya kampani yonyamula n'kuona kuti yangoima pa mawu akuti chizindikiro chapangidwa, sabata ndi sabata osasuntha, dziwani kuti palibe chanyamuka. Akathyali amatulutsa manambala amenewa akaona kuti madandaulo ayamba kuchuluka ku banki yawo, kuti anthu adikire komanso kuti akhale ndi choonetsa.

Pali ukathyali wina woposa pamenepa. Amatumizadi kaphukusi, koma mkati muli kachingwe kotchajira foni kapena kanthu kena kotchipa. Kakafika n'kusainidwa, iwo amakhala ndi pepala lakuti katundu analandiridwa. Njira yogonjetsera zimenezi ndi kulemera. Batire loyendetsa firiji limalemera makilogalamu angapo, pomwe pa chikalata cha phukusi palembedwa magalamu 200. Jambulani chikalatacho musanatsegule, jambulani phukusi lili pa sikelo, ndipo potsegula jambulani kanema wosadukiza. Sungani chikutiro chake. Zikafika pamenepo nkhani imasintha nambala, imachoka pa 13.1 kupita pa 13.3, ya katundu wosiyana ndi amene analonjezedwa, ndipo kumeneko amafuna muonetse kuti munayesa kubweza chinthucho. Lemberani wotumiza kumufunsa adiresi yobwezera, kalatayo ndiye umboni wanu ngakhale asayankhe. Uzani banki tsiku lomwelo.

Nthawi zina nambala imaonetsa kuti phukusi linaperekedwa, koma ku adiresi ina kapena ku dziko lina. Pemphani kampani yonyamulayo ikupatseni chikalata choonetsa dzina la wolandira, mzinda ndi kulemera kwake. Chikapanda kugwirizana ndi adiresi imene munalemba pa kampeni, umboni wawo wagwa.

Chenjezo limodzi lokhudza ife a kuno. Malamulo a Visa salola dandaulo la katundu wosafika ngati katunduyo wagwidwa ndi a kasitomu a m'dziko la mwini khadi. Kutanthauza kuti phukusi lenileni likafika pa Chileka kapena ku positi ofesi, a MRA n'kulisunga podikira msonkho, inu n'kulisiya, wotumiza wakwaniritsa mbali yake. Choncho nambala ikabwera n'kuonetsa kuti phukusi lalowa m'Malawi, musalinyalanyaze. Pitani mukalione, mufunse kulemera kwake ndi zimene zalembedwa pa chikalata cha kasitomu musanalipire msonkho uliwonse.

Komanso ganizirani izi. Mabatire akuluakulu a lithiamu amawerengedwa ngati katundu woopsa pa ndege. Sayenda ngati phukusi wamba la pa positi, amafuna zikalata zapadera ndi makampani ovomerezeka kunyamula, ndipo mtengo wake ndi wokwera. Wolonjeza kufikitsa batire lotero ku Blantyre pa $65 mwina sanawerengere, mwina sankafuna kutumiza n'komwe.

Akakulemberani kuti chotsani dandaulo kuti tikutumizireni katundu, kapena kuti tikubwezereni tokha, kanani. Dandaulo lochotsedwa silibwereranso. Auzeni abweze ndalama pa khadi lomwelo, zikaoneka pa sitetimenti ndiye mudzauza banki. Musalandirenso kuponi kapena lonjezo la katundu wina, chifukwa adzaonetsa kuti munagwirizana.

Mayi_Namiwawa

Che Kaliya anena zoona, musadikire. Lowetsani dandaulo, nambala ikabwera pambuyo mudzangoionjezera pa fayilo.

Poti khadi ndi la ngongole, pali zofunika kusamala. $420 ija munailipira kale ku banki miyezi yapitayo kapena ikadali m'ngongole yanu, koma mulimonsemo musasiye kulipira khadi poganiza kuti mukulanga wina. Banki imapitiriza kuwerengera chiwongoladzanja, ndipo mukalephera kulipira dzina lanu likhoza kupita ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, zimene zidzakuvutitseni pofuna ngongole ina. Funsani kuti akuuzeni polemba ngati ndalama zotsutsidwazo ziziwerengeredwa chiwongoladzanja nkhani ili mkati. Mabanki ena amaika ndalamazo mu akaunti mongoyembekezera pamene akudikira yankho, ena saika. Zikaikidwa musaziyese zanu mpaka atakulemberani kuti nkhani yatha, chifukwa mbali inayo ikapambana amazichotsanso.

Mbali inayo ikayankha, banki iyenera kukuonetsani zimene yanena. Pemphani kuti muone mapepalawo. Pali gawo lachiwiri limene banki yanu ingakane yankholo, koma nthawi yake ndi yochepa, masiku 30, ndipo amafuna mfundo yatsopano yochokera kwa inu. Apa ndi pamene ndime ya malamulo imene abambo a ku Mpingwe anatchula imagwira ntchito, pamodzi ndi chikalata cha kampani yonyamula katundu. Gawo lomaliza ndi lakuti Visa iweruze yokha. Limenelo limalipiritsa madola mazanamazana kwa wogonja, ndipo pa $420 banki sikonda kufika kumeneko. Nchifukwa chake fomu yoyamba iyenera kukhala yokwana bwino, musasunge umboni wina kuti mudzautulutse mtsogolo. Nkhani yonse imatha kutenga miyezi iwiri kapena itatu. Imbani kapena pitani masabata awiri aliwonse, ndipo funso loyamba likhale lakuti kodi dandaulo lalowetsedwa ku Visa, tsiku liti. Yankho lakuti "tikuliona" silikwanira.

Za makwacha: dandaulo limayenda m'madola, ndipo zimene zilowe mu akaunti yanu zimadalira mmene banki isinthire. Kwa amene analipira kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwake kumakhala kwakukulu, ndipo ndi bwino kufunsiratu mtengo umene agwiritse ntchito. Inu munalipira pambuyo pake, choncho sizikukhudzani kwambiri. Ndalama zimene banki inadula chifukwa cholipira kunja nthawi zambiri sizibwerera. Funsaninso ngati pali ndalama yolipira potsegula dandaulo, ndi ngati imabwezedwa mukapambana.

Banki ikakana kulandira fomu, kapena ikaigoneka mpaka masiku atatha, imeneyo ndi nkhani ina, ya pakati pa inu ndi banki. Lemberani ofesi yawo ya madandaulo, mutchule nambala ya dandaulo ndi tsiku la pa chidindo. Akapanda kukuthandizani, pitani kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira mabanki pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, ndipo nthambi yawo ili mumzinda momwe muno. Iwo sangalamule kampani ya kunja kubweza ndalama, koma angafunse banki chifukwa chimene sinagwirire ntchito yake pa nthawi. Apa ndi pamene kope yodindidwa ija imakupulumutsani. Popanda chidindo, palibe choonetsa kuti munafika nthawi isanathe.

Ku polisi pitani ku nthambi ya Fiscal, yoona za chinyengo cha ndalama. Kunena zoona sangamugwire munthu amene ali kutsidya kwa nyanja, ndipo Visa sifuna lipoti la polisi pa 13.1. Koma mabanki ena amalipempha, ena amafuna chikalata cholumbira pamaso pa loya, ndiye funsani pa ulendo woyamba kuti musayende kawiri. Lipotilo likachedwa, perekani fomu kaye, lidzatsatira. Bungwe la CFTC, loona za chilungamo pa malonda ndi kuteteza ogula, limathandiza kwambiri pamene wamalonda ali m'dziko muno, pa nkhani iyi dzanja lake silifika. Nenaninso kampeniyo kwa eni tsamba losonkhetsalo pogwiritsa ntchito batani lawo lonenera zachinyengo, ndipo uzani olipira anzanu kuti aliyense adandaule ku banki yake. Madandaulo akachuluka pa wamalonda mmodzi, kampani yodutsitsa malipiro imatha kutseka akaunti yake ndi kugwira ndalama zotsala.

Popeza mayina a olipira amaoneka pansi pa kampeni, yembekezerani mauthenga ochokera kwa anthu odzitcha maloya kapena akatswiri obweza ndalama zobedwa, ena mpaka kudzitcha a Visa kapena a banki yanu. Amapempha ndalama yoyambira, kapena manambala atatu a kumbuyo kwa khadi, kapena nambala yachinsinsi imene yangobwera pa foni. Visa siimbira mwini khadi, ndipo banki sifunsa PIN kapena nambala yachinsinsi pa foni. Chargeback imadutsa ku banki yanu yokha. Popeza manambala a khadi lanu munawalemba pa tsamba lachiwiri lija lolipirira $65, lomwe simukudziwa mwini wake, pemphani khadi latsopano pa ulendo womwewo, koma muwauze momveka kuti mukulisintha podziteteza, malipiro awiri aja munawavomereza nokha. Kusintha khadi sikuimitsa dandaulo, ndalama zikabwezedwa zimalowa mu akaunti yomweyo.